Nyerere Pansi pa Nthochi

Lero m'mawa ndapeza nyerere zitadzaza m'mbale ya shuga, ndipo ndangoima n'kumaziyang'ana mpaka tiyi wazizira.

Ndili mwana ku Mchengautuwa, bambo anga ankamwa madzi osalekeza, ngakhale kuzizire chotani. Chimbudzi chinali patali, choncho ankataya madzi kuseri kwa nyumba, pansi pa nthochi. Pamalopo pankadzaza nyerere zakuda. Pamene ndinkakodza ine sizinkabwerapo, ndipo ndinkachita nsanje.

"Amayi, bwanji nyerere zimakonda bambo okha?" ndinafunsa.

"Choka apo, mwana wopanda ulemu iwe," anatero amayi, n'kuthirapo phulusa.

Bambo anaonda, chilonda cha kuphazi chinakana kupola, kenaka anatentha thupi n'kutisiya. Pamaliro mkulu wa mpingo anati, "Yewo chomene nonse mwabwera. M'bale wathuyu wapita ndi malungo." Nanenso ndinakula ndikunena zomwezo.

Mwezi watha adokotala anandipeza ndi matenda a shuga, n'kufunsa ngati kwathu analipo wina wodwala nthendayi. Ndinatsala pang'ono kukana, koma ndinakumbukira phulusa la amayi lija. Pakhomo ponse paja, nyerere zokha n'zimene zinkadziwa chimene chinkawadya bambo.