Madzi a m'chitsime cha amama

Tili giledi 11, sukulu inatitumiza kukaonerera ntchito za anthu kwa sabata imodzi. Anzanga anathamangira ku chipatala ndi ku maofesi a pa boma. Ine, wochedwa kukweza dzanja, anandiponya kumalo oyeretsera madzi a m'mipopi ya ku Chadiza.

Mutu unayamba kuzungulira tsiku loyamba lomwe. Mayi woyang'anira ntchito, wa magambuti ndi ovolosi, ananditengera ku damu. Madzi ake anali ofiirira, ng'ombe zikupondaponda m'mphepete.

"Awa ndiwo amamwa anthu a pa boma," anatero.

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Kenako tinawatsatira madziwo. Amawathira mankhwala ooneka ngati mchere kuti litsiro liundane n'kumira. Akatero amawasefa mumchenga. Mchenga, chinthu chimene kwathu timachotsa m'madzi! Pomaliza klorini, mankhwala ophera tizilombo. Mayiyo anatunga m'kapu n'kundipatsa. Ankanunkha chipatala, ndipo ndinangomeza mwaulemu.

"Kwathu ku Zingalume madzi ndi okoma kuposa awa," ndinatero, poti pakamwa panga sipachedwa.

Ndinawafotokozera za chitsime chathu. Amama anabwera kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo, opanda ngakhale poto. Chitsimecho anakumba okha ndi malemu atate kumunsi kwa dimba, ndipo ndicho chinthu chimene amanyadira. Pakhomo pathu mlendo sapatsidwa moni asanamwe madzi ake. Amama amakupatsa kapu n'kudikira, ukamaliza ndiye amafunsa kuti wayenda bwanji.

"Kabweretse tiwaone," anatero mayi uja, akundipatsa kabotolo kopimira madzi, kotseka bwino.

Ndinapalasa njinga kukatunga, ndili nganganga kuti ndikawachititsa manyazi. Anaika kabotoloko m'kabokosi kofunda, pambali pa kena ka madzi a m'mpopi. Titadzatsegula, a m'mpopi anali chimodzimodzi. A amama anali atada bii, akununkha ngati dzira lovunda.

"Koma anali oyera mbee!" ndinatero. "Mwasinthanitsa mabotolo."

"Maso saona tizilombo, mwana wanga. Chimbudzi chanu chili mbali iti?"

Chinali kumtunda kwa dimba. Pomwepo ndinakumbukira mwana wa akulu anga, amene ankangotsegula m'mimba, ife n'kumati ndi mano akumera. Komabe sizinkandilowa. Madzi a ng'ombe abwino, madzi a amama oipa? Nanga ine, amene ndinakulira madzi omwewo, bwanji ndili moyo? Ndinafunsa zonsezi, mayi uja anandiyankha mofatsa, koma ndinachoka ndili wosokonezeka kuposa mmene ndinabwerera.

Loweruka ndinafika kunyumba thukuta lili kamukamu. Amama anatuluka ndi kapu ija. Ndinailandira ndi manja awiri n'kungoiyang'ana. Mwana uja anali kumbuyo kwa amake, maso atalowa m'kati.

"Imwa, iwe, ndikulonjere," anatero amama.

"Amama, madziwa tawapima. Ali ndi tizilombo. Mwina ndiwo akudwalitsa mwanayu."

"Sabata imodzi pa boma, basi madzi anga asanduka poizoni? Anakulera ndi ati?"

Funso lomwelo linali kundivuta nanenso. Anandilanda kapuyo, anamwa okha mpaka kugugudiza, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapeza ketulo pamoto. Amama anali kuwiritsa madzi, ndipo atazizira anawathira m'chigubu chatsopano n'kuuza akulu anga kuti amenewo ndi a mwana. Sanandiyang'ane. Patapita masabata mwanayo anayamba kunenepa, ndipo palibe anatchulapo nkhani ya mano.

Ndiye ndinalakwa kapena ndinakhoza? Mpaka lero sindidziwa. Ndikafika kwathu amama amatuluka akumwetulira, amandifunsa za ulendo, amandilandira katundu. Alendo ena onse amawapatsa kapu ija. Ine amandilonjera manja ali opanda kanthu.