Nabodza ndi Mbuzi za M'chombo cha Mlengalenga

Dzina loti Nabodza anamupatsa ndi azakhali ake ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake ankakonza mawailesi m'kachipinda kodzaza mawaya, ndipo wailesi yodwala ikayamba kusokosera, mwanayo ankatchera khutu n'kumamasulira.

"Akuti kwawoko kuli madzuwa awiri. Zovala zimauma usanamalize kuyanika."

"Iwe Nabodza iwe!" ankatero azakhaliwo, atagwira nthiti ndi phwete.

Atakula anapeza ntchito pakampani yosindikiza makalendala ndi makhadi a ukwati. Yake inali yosaka zilembo zolakwika. Mapepala owonongeka sankawataya. Nthawi ya nkhomaliro ankawatembenuza n'kumalemba kumbuyo kwake. Nkhani yake yoyamba inali ya mabanja anayi amene ananyamuka pa chombo cha mlengalenga kukafuna dziko latsopano, koma ulendo wonse anangokhalira kukangana chifukwa wina analowetsa mbuzi ziwiri mozemba, ndipo zinaswana mpaka kudzaza chipinda cha woyendetsa.

Osindikiza mabuku atatu anaibweza. Wina anachita kulemba pamwamba pake kuti, "Mayi, muzilemba za anthu enieni."

Amuna ake, omwe anali dalaivala wa basi, anangoti pukusu mutu. "Anthu enieniwo ndimawanyamula ine tsiku ndi tsiku, ndipo amakangana ndendende ngati awawa. Musaitaye."

Chaka china kalendala inatsala ndi masamba awiri opanda kanthu, wamalonda wina atasintha maganizo mochedwa. Abwana anakanda mutu, kenako anasuzumira pa tebulo la Nabodza.

"Zambuzi zanu zija zingakwane apa?"

Zinakwana. Pofika Febuluwale makalata anali atayamba kubwera, ena ofunsa ngati mabanjawo anakafika, ena odandaulira mbuzi. Imodzi inali ya inki yofiira, yochokera kwa mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito. Iye anati m'chombo chotero mkaka sungathiridwe m'kapu, umangoyandama. Nabodza anaiwerenga kawiri, n'kuvina pakati pa makina, anzake akumuyang'ana kukamwa kuli yasa. Munthu anali atawerenga nkhani yake mofatsa mpaka kupsa nayo mtima! Anamuyankha ndi mafunso makumi awiri, ndipo kuyambira pamenepo buku lililonse linkadutsa pa inki yofiirayo lisanasindikizidwe.

Mabukuwo anakwana asanu ndi anayi. Munali mizinda yoyenda ndi miyendo, mfumukazi yolamulira mphepo, ndi makina amene anaphunzira kunyoza eni ake. Sanalemere nawo, koma ana asukulu ankamuimitsa mumsewu, ndipo iye ankayankha funso lililonse mpaka basi kumusiya.

Pano anapuma pantchito. Amalembera pafupi ndi windo, magalasi atamangirira ndi ulusi, ndipo woyamba kuwerenga akadali amuna ake. Mwezi wathawu bambowo anatha masiku awiri osamulankhula, chifukwa m'buku lakhumi mfumukazi ya mphepo inafa.

"Mwaipheranji?" anafunsa tsiku lachitatu.

"Nkhani ndi imene yafuna choncho."

"Nanga nkhaniyo akulemba ndani m'nyumba muno?"

Nabodza anaseka mpaka kutsokomola. Madzulo ake anakhala pansi n'kulemba mutu wina, momwe zinapezeka kuti amene anaikidwa m'manda uja anali mphwake wa mfumukaziyo. Amuna akewo anawerenga ali chiimire, n'kupita kukatereka madzi a tiyi akuimba mluzu.