Ndinkati Ndi Nkhawa za Kuntchito, Chili Chithokomiro

Chizindikiro choyamba chinandipeza pa masitepe. Timakhala kutsidya kwa nyanja, m'dera lotchedwa Shawlands, m'nyumba zakale zosanjikizana, ndipo khomo lathu lili pamwamba penipeni. Masitepe amenewo ndinali nditawakwera kwa zaka zambiri, katundu ali m'manja. Koma tsiku lina mu Okutobala, nditafika pakati, mtima unagunda mwamphamvu moti ndinakhala pansi pa sitepe yozizira mpaka unatsikako. Ndinadziuza kuti ndangotopa.

Kutopako kunali ndi chifukwa chake. Ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina ya inshuwalansi m'tauni, ndipo chaka chimenecho ankaphatikiza madipatimenti. Anzathu ena anachotsedwa, ntchito yawo n'kugwera ife otsala. Aliyense mu ofesi ankadandaula mutu ndi kusowa tulo. Choncho manja anga atayamba kunjenjemera pogwira kapu, sindinadabwe.

Zina zinabwera pang'onopang'ono. Pofika Disembala, nthawi yozizira kuno, anthu onse atavala majekete, ine ndinkatuluka thukuta m'sitima. Kunyumba ndinkazimitsa hita yotenthetsa m'nyumba, amuna anga, bambo a Takondwa, n'kumaiyatsanso mwakachetechete. Ndinkadya kuposa kale koma masiketi ankakhwepa m'chiuno. Amayi a kutchalitchi ankandiyamikira kuti ndachepetsa thupi bwino. Mu kwaya, mpweya unkandithera mzere wa nyimbo usanathe. Ndinasandukanso wamtima wapachala. Kanthu kakang'ono, supuni yosiyidwa m'sinki, kankandikwiyitsa mpaka kunjenjemera thupi lonse. Takondwa, mwana wathu wamkazi amene ali kusekondale, anayamba kudyera kuchipinda kwake.

Mnzanga wa kuntchito, Morag, ndi amene anandiuza za mwambo wa kakao. Anati ndi koko weniweni wosasakaniza ndi shuga kapena mkaka, wochokera ku njere zomwe amapangira chokoleti, ndipo anthu amakumana n'kumwera limodzi kuti mtima ukhale m'malo. Iye ankati unamuthandiza pamene ukwati wake unatha.

Nditawauza bambo a Takondwa, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mwambo wanjinso umenewo, mayi a Takondwa? Musakapezeke mukupembedza zachilendo."

"Ndikaona zosayenera, ndituluka," ndinawayankha.

Sindinaone zosayenera. Chinali chipinda chofunda pamwamba pa sitolo ina pafupi ndi kwathu, Loweruka masana. Tinavula nsapato n'kukhala pansi mozungulira. Mayi wotsogolera anafunsa ngati alipo wodwala mtima, woyembekezera, kapena womwa mankhwala a matenda a nkhawa. Ndinapukusa mutu, chifukwa mmene ndinkadziwira ndinali bwinobwino. Chakumwacho chinali cholimba ngati phala, chowawa, cha fungo lokoma. Tinamwa pang'onopang'ono, tinakhala chete, kenako aliyense wofuna ananena chimene chinkamulemera. Itafika nthawi yanga ndinangoti ndatopa, misozi n'kuyamba kutsika. Palibe anandidula mawu kapena kundipatsa malangizo. Ndinatuluka nditapepukidwa.

Ndinabwererako kangapo, ndipo sindinganame kuti sizinandithandize. Kwa munthu amene sabata yonse ankathamanga, kukhala pansi popanda foni, pakati pa anthu omvetsera, chinali chinthu chachikulu. Maganizo ankakhazikika ndithu. Koma thupi silinkamva zimenezo. Ndinkapitiriza kuonda, ndipo ndikamwa kakaoyo, mtima unkathamanga madzulo onse. Ena m'gulumo ankati umo ndi mmene amagwirira ntchito, amatsegula mtima. Ndinakhulupirira.

Mu Febuluwale, ndikuchokera kumwamboko, mtima unayamba kuchita zina. Sunkangothamanga, unkadumphadumpha, kuima pang'ono, n'kuyambiranso. M'maso munada. Ndinakhala pabenchi ya pamalo odikirira basi, mvula ikuwaza, n'kuimbira bambo a Takondwa. Atafika ndi galimoto sanafunse zambiri. Anangoti, "Kunyumba ayi. Tikupita kuchipatala."

Kumalo a odwala mwadzidzidzi kunali kodzaza, ena atagwira mkono, ena atanyamula ana. Nesi atandigwira pamkono n'kumva kugunda kwa mtima, sanandibwezerenso pamipando. Anandigoneka pabedi kuseri kwa katani, kundimata timawaya pachifuwa, n'kunditenga magazi. Kenako tinadikira. Kudikira kwa kuchipatala n'kwachilendo: anthu amadutsa mothamanga, koma kwa iwe nthawi siyenda. Amuna anga anakhala pampando atanyamula jekete langa, akuyang'ana manambala pa makina ngati akuwamvetsa.

Dokotala amene anabwera anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Anandigwira pakhosi n'kundiuza kuti ndimeze malovu. Anandiyang'ana m'maso. Anandiuza kuti nditambasule manja, n'kuikapo pepala, ndipo pepalalo linkanjenjemera aliyense akuona.

"Chithokomiro chanu chikugwira ntchito mopitirira muyeso," anatero. "Ndi kachiwalo ka pakhosi kamene kamalamula liwiro la thupi. Chanu chakhala chikuthamangitsa chilichonse, ndipo mtima watopa."

Ndinamufunsa ngati ndi kakao amene wandidwalitsa.

"Ayi, matendawa sanabwere ndi kakao. Koma muli zinthu zofulumizitsa mtima, monga za mu khofi, ndipo wanu ukuthamanga kale. Musiye kaye zonse ziwiri."

Anawonjezera kuti mtima ukamagunda mosokonekera chonchi kwa nthawi yaitali umafooka, ndipo magazi amatha kuundana n'kuyambitsa sitiroko. Apa m'pamene mantha anandigwira, osati pabenchi paja.

Ndinagonekedwa masiku angapo. M'mawa ankatidzutsa kuti atiyeze magazi ndi kutentha kwa thupi, kenako buledi, kenako gulu la madokotala likuyenda bedi ndi bedi. Pabedi loyandikana panali mayi wachikulire wa ku Easterhouse, dera lina la mumzinda womwewu, amene Chingerezi chake ndinkachimva theka, koma tsiku lililonse ankandisungira nyuzipepala. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera nane. Mmodzi mwa iwo, Mayi Gondwe, anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ife tinkangoti mwachepetsa bwino thupi," anatero motsitsa mawu, "osadziwa kuti mukudwala."

Ndinatuluka ndi mankhwala ochepetsa liwiro la mtima, ena oletsa magazi kuundana, ndi ena ofooketsa chithokomiro. Nesi anandichenjeza kuti ndikadzamva zilonda zapakhosi kapena kutentha thupi, ndidzasiye mankhwala a chithokomirowo n'kubwera tsiku lomwelo kudzayezetsa magazi, chifukwa mwa anthu ena amachepetsa chitetezo cha m'thupi. Zinachitikadi mu Epulo. Ndinapita, ndinadikira masana onse mtima uli m'mwamba, n'kupezeka kuti chinali chimfine wamba.

Kuchira sikunayende molunjika. Kugunda kwa mtima kunabwerera m'malo mwake msanga, koma mphamvu zinachedwa. Tsitsi linathothoka. Nthawi ina mankhwala anachuluka, ndipo ndinasanduka munthu wina: wozizidwa, watulo, wolemera thupi, woiwalaiwala. Madokotala anawachepetsa, anayezanso magazi, anasinthanso. Ndinazolowera mipando ya kukiliniki ndi nkhope za anzanga odikira, moti tinkapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi. Kuntchito anandilola kuyamba ndi masiku ochepa.

Chimene chinandikhudza kwambiri chinali kunyumba. Madzulo ena Takondwa anabwera ndi mbale yake patebulo, n'kukhala moyang'anana nane. Amayankha m'Chingerezi cha kuno ngakhale umufunse m'Chichewa, koma tsiku limenelo anayesetsa. "Amayi, mwabwerera," anatero. Ndinazindikira kuti kwa miyezi yonse ija mwanayu ankaganiza kuti ndinasiya kumukonda, pamene ine ndinkaganiza kuti ndi ntchito. Tonse sitinkadziwa kuti mkwiyowo unali mbali ya matenda.

Chilimwe chitatha, dokotala anandilola kumwanso kakao, koma pang'ono. Ndinabwerera kuchipinda chija ndipo ndinamufotokozera mayi wotsogolera zonse. Anamvetsera bwino, ndipo tsopano pofunsa mafunso ake oyamba amafunsanso ngati alipo amene mtima ukumuthamanga asanaonane ndi dokotala. Ndimapitako mwa apo ndi apo, n'kumwa theka la kapu. Mpaka lero sindidziwa ngati chimandikhazika mtima pansi ndi chakumwacho kapena ndi kukhala chete pakati pa anthu. Mwina ndi zonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtendere umene ndinkaupeza kumeneko unandipangitsa kuganiza kuti ndikuchira, pamene matenda ankakula.

Panopa papita chaka ndi miyezi. Mankhwala a mtima ndi a magazi anandisiyitsa, ndatsala ndi kapilitsi kamodzi ka chithokomiro. Madokotala akuti adzayesa kundisiyitsanso, ngakhale matendawa amatha kubwerera, ndiye kuyezetsa magazi sikudzatha msanga. Ndikugona, ndikudya ngati munthu, ndipo ndikugwira ntchito masiku onse.

Dokotala anandiuza kuti vutoli limayenda m'magazi a pabanja, choncho ndinaimbira mng'ono wanga ku Mzuzu. Anaseka, n'kunena kuti iyenso mtima umamuthamanga koma ndi ana ndi bizinesi basi. Sindinamusiye mpaka anapita kukayezetsa. Anamupeza nalo vuto la chithokomiro, lisanafike pomugwetsa, ndipo anayamba mankhwala akuyenda yekha.

Zimene ndinamuuza iye ndi zomwe ndikukuuzani inu. Nkhawa zilipodi, makamaka kwa ife okhala kutali ndi kwathu, ndipo si kulakwa kufunafuna chokupepuza, kaya ndi pemphero, kaya ndi anzako, kaya ndi kapu ya kakao. Koma mtima ukamathamanga muli chikhalire, thupi likamatha mukudya, manja akamanjenjemera, musadzipatse nokha dzina la matenda. Pitani akakuyezeni mudakali ndi mphamvu zoyenda nokha. Kwa ine chinafunika ndi kabotolo kamodzi ka magazi, ndipo ndikanatha kukapereka mu Okutobala.