Kukaona Tadala, Mdzukulu Wanga Amene Sakudya

Ndinanyamuka ku Zolozolo m'mawa kuli kamvula kowaza kaja, komwe kwathu ku Thyolo timati chiperoni. Ndinkapita kuchipatala kukaona mdzukulu wanga Tadala, wa Folomu 3, amene anagonekedwa chifukwa chosadya. Chakudya m'nyumba chilipo, kummero alibe chilonda. Magazi anamuyeza kangapo, poti anthu anali atayamba kunong'ona za kachilombo, koma sanapeze kanthu. Mwanayo anangoyamba kuchepetsa, kenako kubisa, kenako kukaniratu, mpaka anakomoka kusukulu.

Pamsewu ndinakwera njinga yamoto ya bambo wina wandevu.

"Monire adada. Tauni ndi wani fayifi. Mugwire chomene, msewu uwu suona nkhope."

"Ndikagwa mukandiike kwathu," ndinatero.

"Ku Thyolo? Mafuta ake adada, bola musagwe."

Nditamuuza za wodwala wanga, anaseka mpaka njinga kupepeluka. Anati timupatse kondowole wa nsomba ya batala, adzanyambita ndi mbale yomwe. Ataona kuti sindikuseka, anatsitsa mawu n'kunena kuti mwina n'za anthu, ndipo akudziwa sing'anga wina. Ndinamuuza kuti tinapitako kale, ndi kumapemphero a kuphiri komwe.

Mumsika waukulu ndinagula nthochi kwa mayi wina wa ku Nkhata Bay, ndi paketi ya chambiko. Wodwala sumuyendera chimanjamanja. Kudepoti ndinalowa m'kagalimoto kaja kodzaza anthu mpaka kubuti, bondo langa lili pa dengu la tomato la mwini wake. Podutsa ku Katoto ndinaona atsikana a yunifolomu akulandana mandasi. Ndinayang'ana mbali ina.

Geti la chipatala analitsegula masana, tonse a zikapu ndi mabasiketi n'kukhamukira mkati. Mwana wanga Esnati, mayi ake aang'ono a Tadala, amene akudikirira wodwalayo, anandichingamira pakhonde.

"Bambo, masiku ano akumwako phala. Lero m'mawa watsiriza kapu yonse."

Ndinalowa mtima uli m'malo. Tadala anali atakhala tsonga m'mabulangete awiri, manja ngati timitengo, koma m'masaya munali mutabwerera kanthu. Ndinaika nthochi pabedi ndipo ndinanena zimene munthu aliyense woleredwa bwino amanena kwa wodwala.

"Eee, mayi wanga! Koma wayamba kunenepa! Taona masayawo!"

Anagwira tsaya lake. Kenako anazunguliza zala pamkono, kuyeza. Nkhope inasintha ngati ya munthu amene waponda zonyansa ndi phazi losavala.

"Amayi aang'ono, mumati sindinasinthe."

"Agogo akungocheza, Tada."

"Agogo sanama. Ndikuzimva zikuyenda m'thupimu. Chotsani izi, zikununkha."

Anakankha nthochi, mseru n'kumugwira, koma panalibe chosanza. Phala la masana litabwera anatembenukira kukhoma n'kuluma mano.

Dokotala, mayi wa chilankhulidwe cha ku Lilongwe, ananditengera panja. Anati matendawa dzina lake ndi anorekisiya. Ndinamupempha abwereze, poti ine sukulu ndinayamba ndili kale ndi imvi, ya kwacha.

"Agogo, munayamba mwatsegulapo mphika n'kupeza nyama ili ndi mphutsi?"

Ndinavomera.

"Simunachite kuganiza. Thupi linakana lokha. Muubongo muli mbali imene imagwira ntchito imeneyo, kutiteteza ku zowola. Mwa ana ngati Tadala mbali imeneyo imatha kukuwa pa nthochi yabwinobwino, ngakhale pa thupi lake lomwe. Si matama. Ndipo njala ikamakula ubongo umafooka, mantha ndi kunyansidwa n'kumakulirakulira."

"Ndiye mawu anga aja?"

"Kwa inu ndi dalitso. Iye wamva kuti chimene amachiopa chachitika."

Ndinafunsa ngati achire. Anati ambiri amachira, koma si za lero kapena mawa, ndipo mtima wa mwanayo wafooka. Akapitiriza kukana amuika chubu chodyetsera m'mphuno. Anapemphanso kuti kunyumba tisamukalipire pa chakudya. Pamenepo Esnati anandiyang'ana kamodzi n'kugwetsa maso. Iye ndi malemu mayi ake a Tadala anakulira m'nyumba mwanga, mmene mbale sinkabwerera ndi chotsala. Akudziwa mmene lamulolo linkasungidwira.

Ndinapita kukatsanzika. Tadala sanatembenuke.

Pobwerera sindinakwere kanthu mpaka m'tauni. Ndinkayenda ndikufufuza mawu ena oti ndidzamuuze mawa. Ndinapeza kuti ndilibe. Ife chikondi chathu chonse chimadzera m'mbale: wadya kodi, onjezera, wanenepa. Munthu akayamba kunyansidwa ndi zimenezo, wanyansidwa ndi njira yokhayo imene ine ndimadziwa yofikira kwa iye. Ndili pafupi ndi depoti Esnati anaimba foni. Tadala anali atakana ngakhale madzi, ndipo anamwino anali atapita kukatenga chubu.

Ndinafika ku Zolozolo dzuwa likupendeka. NyaGondwe, mayi woyandikana nafe, anasiya kuanula zovala n'kubwera kumpanda.

"Yewo agogo. Mwana mwamupeza uli? Thupi layamba kubwerera?"

"Layamba," ndinayankha.

Anaomba m'manja, kuthokoza Mulungu mokweza, n'kuthamangira kukauza anzake.