Mmene aZuze Anayezera Maso Anga

Ndikakumbukira aZuze, ndimamva fungo la makala a m'simbi ndi mafuta a makina osokera, ndipo m'makutu mwanga mumalira makinawo kuchokera pakhonde lawo, lomwe linagundizana ndi lathu kumalayini a boma pa Mwanza. Nyumba zake zinali zothinana, khoma limodzi mabanja awiri, moti mnzako akatsokomola unkadziwa kuti chifuwa chafika pamzere wonse. AZuze anali telala. Anathawa nkhondo kwawo ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsalira m'kachipinda ka alamu awo, omwe ankalondera maofesi.

Ndinkawakonda chifukwa ndi iwo okha amene ankandiyamikira. Ulusi ukawakanika kulowa pasingano ankandiitana ndi mawu a kwawo otanthauza kamtsikana, “Menina, tabwera ndi maso akowo,” ndipo ine kamodzi n'kamodzi, walowa. Kwina konseko ndinali Lusiya wamwano, wosalonjera akulu mpaka atayamba iwo, komanso Lusiya mbuli.

Umbuliwo unali ndi umboni wake. Sukulu itakhala yaulere tinadzazana m'kalasi mpaka pakhomo, ndipo aphunzitsi ankatikhazika potengera msinkhu, aafupi kutsogolo, ataliatali kumbuyo. Ine ndinatengera bambo, miyendo ngati nsungwi, ndiye malo anga anali kukhoma lakumbuyo. Pabolodi ndinkangoona zoyererako. Sindinauze munthu, chifukwa ndinkayesa kuti aliyense amaona chomwecho, kungoti anzanga ali ndi nzeru zozimasulira. Sitandade 2 ndinaibwereza, kenako n'kuibwerezanso.

Chaka chachitatu, teremu yoyamba itandithera ndili kumchira, bambo, omwe anali mesenjala, anagamula kuti Loweruka ndikwere pikapu ya ku Thambani ndikalere ana a azakhali. “Sukulu si ya aliyense,” anatero. Amayi anangoyamba kuchapa zovala zanga. Ndinkadziwa mmene atsikana opita kukalera ana kumudzi ankabwerera, ali ndi wawowawo kumsana. Sabata imeneyo galimoto iliyonse ikamadutsa kumsewu ndinkadzidzimuka.

Lachisanu masana aZuze, amene anamva zonse kudzera pakhoma, anatenga choko cholembera nsalu n'kupita kuchitseko cha bafa la tonse, kumapeto kwa bwalo. Anajambulapo kanthu, n'kubwerera, n'kundiitana ine pamodzi ndi tiana titatu ta pamzere pathu.

“Pachitseko paja pali chiyani?”

“Nsomba!” tinakuwa tianato.

“Nanga iwe, menina?”

“Nsomba,” ndinayankha msangamsanga.

Anandiyang'ana, n'kutiuza tianato kuti tikasewere kutali. Anakafufuta nsomba ija n'kujambula china. Apa ndinalibenso woonera. Ndinatong'ola maso mpaka misozi inatuluka, ndipo ndinaganiza kuti basi, ngakhale aZuze tsopano atsimikiza kuti m'mutu mwanga mulibe kanthu.

“Usalire. Yenda pang'onopang'ono, ukaona uime.”

Ndinayenda, ndinadutsa chingwe choyanikapo zovala, ndinadutsa mpope, mpaka chitseko chinatsala mapazi owerengeka. “Sizasi!” ndinakuwa. AZuze anachotsa tepi m'khosi, n'kuyeza kuchokera pachitseko kufika pazala za mapazi anga monga ankayezera thalauzi, kenako anakalumikiza tizidutswa ta nsalu mpaka tinakwana utali womwewo.

Bambo ataweruka anapeza aZuze akuwadikira pakhonde. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko, chifukwa bambo sankafuna kuuzidwa zochita pakhomo pawo, makamaka ndi munthu amene iwo ankamutcha wobwera.

“Bambo a Lusiya, maso a mwanayu amathera apa,” anatero aZuze akutambasula nsalu ija. “Kupitirira apa ndi chifunga chokhachokha. Mutu ulibe vuto.”

“Mukuti mwana wanga ndi wakhungu? Yemweyu amakulowetserani ulusiyu?”

“Za pafupi amaona kutiposa tonse. Bolodi ndiye ili kutali.”

“Ndiye wosaona bolodi akatani kusukulu? Bola ku Thambani komweko.”

Ndinaona kuti aZuze angowonjezera chifukwa china chondichotsera. Koma iwo anapinda nsaluyo bwinobwino, n'kuiika pampando, n'kunena motsitsa mawu, “Ine pantchito yanga, malaya akathina ndimamasula msoko. Sindinadulepo mwini wake.” Atatero anabwerera kumakina awo.

Loweruka m'mawa pikapu inaliza hutala kumsewu. Kachikwama kanga kanali kale pakhomo. Bambo anakhala pakhonde akupolisha nsapato zomwe zinali zowala kale, osandiyang'ana. Hutala inaliranso, amayi ananyamula kachikwamako, ine ndinaimirira. Pamenepo mpamene bambo anayankhula, maso ali pansapato. “Amake Lusiya, kabwezereni m'nyumba.”

Lolemba lotsegulira sukulu bambo anavala yunifolomu yawo ya kaki n'kunditengera kusukulu, nsalu ili m'thumba. Pamaso pa kalasi lonse, munthu wonyada uja anagwada pansi, n'kuyala nsaluyo kuchokera pabolodi, n'kuuza aphunzitsi, “Chonde, azikhala apa.” Ndinakhala pakati pa tiana tating'ono, mutu wanga uli pamwamba pa onse, akumbuyo akudandaula kuti ndikuwatchinga, mpaka anandisunthira chakumbali. Anandiseka kwambiri. Koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti zoyererako zija zinali zilembo zomwe zija za m'buku, ndipo ndinapsa mtima kuti zaka ziwiri zonse zinali pompo. Teremu yotsatira ndinakhoza. Magalasi ndinadzawapeza ku Blantyre patapita zaka.

Bambo sananenepo zikomo kwa aZuze, mawu amenewo ankawalemera pakamwa. Anangoyamba kuwapititsira mathalauzi abwinobwino kuti akalimbitse mabatani.

Lero ndimaphunzitsa kwa Nthache. Mphunzitsi mnzanga akangonena kuti mwana uja ndiye mutu wouma, ndimasowa mtendere mpaka nditamuitana mwanayo pambali. Wina ndimapeza kuti khutu limodzi silimva, wina wabwera osadya, wina wadzuka ndi thumba la makala pamutu. Ena ndimawapeza mochedwa, atasiya kale. Chimene chimandiopsa mpaka pano n'chakuti kukhoma lakumbuyo lija tinalipo ambiri, koma amene ankayandikana ndi telala ndinali ine ndekha.