A Eya-eya ndi zithunzi za eni ake

Ndiyambe ndi kupepesa kwa achemwali anga, poti munthu amene ndikulemba za iyeyu ndi amuna awo. Ndayesetsa kusawonjezera kanthu.

Alamu angawa kwathu timawatcha a Eya-eya. Amagulitsa machaja a foni pakhonde la sitolo ina, koma mukawafunsa amati ali mu zamakompyuta. Dzinali linabwera chifukwa makina akawafunsa kanthu sawerenga, amangodina povomera. Umu ndi mmene anaphera wailesi yakanema ya amayi, komanso foni yanga, yomwe mpaka lero imalemba chinenero chosadziwika.

Achemwali ndi ojambula zithunzi. Disiki ya laputopu yawo inali yogawidwa pawiri: chigawo china cha pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, china chosungira zithunzi. M'chigawo chachiwirichi munali zithunzi za ukwati wa mwana wa aneba athu. Achemwali anali asanazipereke, ndipo, ndinene chilungamo, anali asanazikopere pena paliponse.

Tsiku lina achemwali atapita kumsika, alamu anaona kuti laputopuyo ikuchedwa. Palibe anawapempha. Anaikamo pulogalamu yoyendetsa yatsopano n'kuvomera mafunso onse. Achemwali pobwera anapeza disiki yonse yasanduka chigawo chimodzi, cha zithunzi chija kulibe.

"Abambo, zithunzi za eni ake zili kuti?"

"Zilimo, zangobisala. Koma mayi, taonani liwiro lake!"

"Liwirolo ndikapereke kwa akwati?"

Tinapita tonse atatu kwa wokonza makompyuta, m'kachipinda kodzaza mawaya ndi fumbi. Ngati ndinamva bwino, iye anati nthawi zambiri zithunzi zimakhala zikadalimo. Chimene chimafufutika ndi cholozera chouza makina poyambira ndi pothera chigawocho. Choopsa n'kuikamo zinthu zatsopano, chifukwa zimakhala pamwamba pa zakalezo.

"Achimwene, chiikireni pulogalamuyi mwawonjezeramo china?" anafunsa wokonzayo.

"Ayi," anatero alamu. Aka kanali koyamba kuwamva akukana chinthu.

Achemwali anangowayang'ana.

"Tinyimbo tokha."

"Tingati?" anafunsa wokonzayo.

"Ta mufoni monse. Malo anali mbwee, ndikanawasiya?"

Wokonzayo anayatsa laputopu kudzera pa fulashi yake, kadisiki kakang'ono kolumikiza m'mbali kaja, kuti asalembenso kanthu pa disikiyo, n'kusiya pulogalamu yofufuza igwire ntchito. Alamu anaima kumbuyo kwake, chala chili m'mwamba, n'kumati, "Dinani apo, vomerani," mpaka achemwali anawauza kuti akhale pansi, manja m'thumba.

Chigawo chija chinapezeka, zithunzi n'kukoperedwa pa disiki ina. Za alendo akudya zinabwera zonse. Za galimoto ya akwati zinabwera. Koma zija za povekana mphete zinatuluka zodukaduka: mitu ya akwati ikuoneka, kutsika m'munsi kuli mbuu. Pamenepo ndiye panakhala tinyimbo tija.

Achemwali anagwira pakamwa. Alamu anasuzumira, n'kugwedeza mutu ngati dokotala.

"Mphetezo akadali nazo, si choncho? Angovekananso, muwajambule."

Achemwali anakapereka zithunzizo okha. Mayi a mkwatibwi anaziona chimodzichimodzi, anafunsa za mphete, kenako anangoti zikomo. Mwana wawo wina atakwatiwa chaka chotsatira, anaitana wojambula wina, ndipo achemwali anaonera ukwatiwo pawindo.

A Eya-eya akadali pakhonde paja. Aliyense wogula chaja amamuuza kuti laputopu ya akazi awo masiku ano ikuthamanga. Zimenezo n'zoona, ndaiona ndekha.