Pulogalamu ya Amalume ndi Mazira Osatembenuka

Amalume anga timawatchula a Injiniya, chifukwa anakonzapo wailesi kamodzi, ndipo wailesiyo inalira mpaka madzulo. Ntchito yawo yeniyeni ndi yogulitsa anapiye. Kuseri kwa nyumba ali ndi makina ofungatira mazira, ndipo m'katimo muli kakompyuta komvera fayilo imodzi. Fayiloyo ili ndi mizere: kutentha kukhale kotani, chinyezi chotani, mazira azitembenuzidwa liti.

Dzuwa likaswa mtengo pamafunika kutsitsa kutenthako. Munthu wamba angatsegule fayilo n'kusintha nambala. Koma a Injiniya asinthe ndi manja ngati ife? Analemba pulogalamu! Ine ndinasangalala ngati ndi yanga, ndinauza kalasi yonse.

"Ikhudza mzere umodzi wokha, mphwanga," anandiuza. "Inayo siidziwa n'komwe."

Zoonadi siinadziwe. Pulogalamuyo inalemba mzere wa kutentha bwinobwino, n'kufufuta ina yonse. Fayilo inatsala mbee.

Amene anazindikira ndi akazi awo akuyanika zovala. "Inu, makina anu aja amalira akamapendeka potembenuza mazira. Lero angoti zii bwanji?"

"Ayamba kugwira ntchito mwaulemu."

"Ulemuwo anapiye ake muwapereka kwa mayi a kusukulu aja?"

Mayiwo anali ataitanitsa anapiye ambiri a ulendo umenewo, ndipo dzira losatembenuzidwa limafera m'chikamba. Amalume anatsegula fayilo, nkhope inagwa. Kope lina? A Injiniya sasunga kope, zimenezo n'za anthu amantha. Mizere yofufutikayo sankaikumbukanso, ndipo wogulitsa makina anati atumiza fayilo ina "posachedwa".

Ndiye pulogalamu yatsopano anakhala amalumewo. M'mawa, masana, madzulo, ali chogwada, kutembenuza dzira limodzilimodzi, kambale ka madzi pambali kosungira chinyezi. Kumaliro anapita mothamanga, kumpira anasiyiratu. Akazi awo anayamba kuwaitana kuti a Thadzi.

"A Thadzi, tiyi wapsa. Kapena ndikubweretsereni pachisa?"

Fayilo inafika anapiye atayamba kale kugogoda. Ambiri anaswa! Mayi aja anatenga awo, otsala amawatsatira amalume pabwalo ponse.

Pulogalamu anaikonza. Pano imawerenga fayilo yonse, kusintha mzere umodziwo, n'kubwezera ina momwe inalili. Imasunganso kope. Ndinawafunsa ngati ayamba mantha.

"Si mantha amenewo," anatero, mwanapiye ali paphazi. "Ndi mawondo."